Katungwe wa Pakhonde

Patatha milungu itatu chimuikire m'manda mwana wawo wamkazi, katungwe wake anayamba kuyenda yekha.

Anayamba kumva ndi mayi ake. Mdima utagwira, anansi atatseka zitseko, pakhonde panamveka kulira kwa chingwe, kwii, kwii, chikukhulana ndi paipi yamadzi imene anachimangapo. Kunalibe mphepo, ngakhale yogwedeza nsalu yapawindo. Koma kathabwa kokhalapo kaja kankapita n'kubwera, poyamba pang'onopang'ono, kenako motakasuka ndithu.

Kutacha nkhani inali ponseponse. Ena ankati aona kadiresi koyera, ena ankati banjalo lisamuke zisanafike poipa. Anthu pakamwa sawawidwa, makamaka maliro akakhala a mnzawo.

Bambo a mwanayo anali mphunzitsi wa sayansi. Zaka zonsezi ankauza ana a sukulu kuti chinthu cholendewera ukachikankha kamodzi chimapita uku ndi uku, kenako chimatopa n'kuima. Chikapitiriza, ndiye kuti pali chimene chikuchikankha. Usiku wachitatu anatuluka, mtima uli m'mwamba, n'kugwira paipi ija. Inkagunda. Anaitsatira m'mbali mwa khoma mpaka kuseri, kumene mwini nyumba anaika pampu yatsopano yodzaza thanki usiku. Anaima mumdimamo akuwerenga, ndipo kugunda kwa pampu kunkagwirizana ndendende ndi kubwerera kwa katungwe. Kungofupikitsa chingwe ndi mfundo imodzi, zonse zikanathera pomwepo.

Anabwerera kuti akamange mfundoyo, koma anapeza akazi awo atakhala pakhomo, mbale ili pamiyendo. Munthu amene chichitikire maliro ankangomwa madzi, tsiku limenelo ankadya, uku akunong'oneza mwana wawo pakatungwepo kuti agwiritse chingwe ndi manja onse awiri. Aphunzitsi anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale kumanda kuja. Mfundo ija sanaimange, ndipo za pampu anabisa, poopa kuti akanena, akazi awonso awataya.

Zinayenda choncho mpaka tsiku limene magetsi anazima. Pampu inakhala chete. Katungwe anayamba kufooka, kwii kuja kukucheperachepera, ndipo mayi aja anasiya kutafuna.

Aphunzitsi anazemba n'kuzungulira nyumba opanda nsapato. Mdima unali wandiweyani. Anagwada kuseri kwa chipilala, natambasula dzanja n'kukankha kathabwa kaja. Kakabwera, ankakakankhanso, misozi ikutsikira m'kamwa, akudziletsa ngakhale kupuma kuti asamveke.

Panapita nthawi. Kenako mawu a akazi awo anamveka mumdimamo, otsika kwambiri.

"Bambo ake."

Aphunzitsi anakankhanso kathabwa kaja.

"Musamakankhe mwamphamvu choncho. Mwayiwala kuti amaopa kupita m'mwamba?"

Aphunzitsi anachepetsa mphamvu, koma sanasiye kukankha.