Utuchi wa pa Sabata

Lolemba m'mawa, Febby Zulu atalowa m'chipinda cha mbewa pamalo ofufuzira matenda ku Woodlands, anapeza utuchi wakuda m'makola amene anayeretsa yekha Lachisanu.

Mbewa zake zinali magulu awiri. Gulu lina linali ndi kachilombo ka zilonda za m'mimba kokha, linalo linali ndi kameneko pamodzi ndi ka m'matumbo. Mbewa zimadya ndowe za zinzake, ndiye wosakaniza utuchi wasakanizanso tizilombo. Kafukufuku wa digiri yake anafera pomwepo, atangoyamba kuonetsa kuti kachilombo kachiwiri kamachepetsa zilonda. Womuyang'anira pa kafukufukuyo, Dokotala Nicodemus Mwale, anatchuka ponena kuti kamazikulitsa. Kaduka nako kamapita kusukulu, kungoti kamavala magolovesi.

Febby atakadandaula kupolisi, Sajeni Katongo anaseka mpaka misozi.

"Imwe ba kum'mawa, mbeba mumadya. Manje lelo mwazitsegulila mlandu?"

"Ba Sajeni, ni moyo wanga uyo," anatero Febby.

Makiyi a chipindacho anali ndi Febby ndi dokotala basi. Dokotala atafunsidwa sanaphethire n'komwe.

"Ine ndine mkulu wa mpingo. Pa Sabata, Loweruka lonse, nenze ku chechi ku Libala, pa Sondo ku malilo ku Chelstone."

Katongo anachita kupepesa.

Lachinayi, ku City Market, Febby anakumana ndi Rachael, mkazi wa dokotala, akusankha tomato.

"Mwana wanga, mbeba zija zinachila? Ba Mwale banachoka pakati pa ulaliki, ati zadwala maningi. Ati kupulumutsa moyo pa Sabata si chimo."

Febby anatsanzika. Anakwera minibasi mpaka kupolisi.

Madikoni anavomera kuti mpando wa mkuluyo unali wopanda munthu mpaka nyimbo yotsekera. Mlonda wa ku Woodlands naye anakumbukira galimoto yoyera ya dokotala ikulowa Loweruka masana. Lachisanu m'mawa Katongo anagogoda pageti la nyumba ya dokotala ku Kabulonga.

"Ba Dokotala, tiyeni. Mlandu ni kuononga katundu mwadala."

"Muniika unyolo chifukwa cha mbeba?"

"Kwelani, bwana."

Dzuwa lisanalowe dokotala anatuluka pa belo kuti akalandire Sabata kwawo. Nthawi imeneyo Febby anali ku Woodlands, akupha mbewa zake imodziimodzi monga lamulo la kafukufuku likunenera. Panalibe wobwera kudzamugwirira khola.