Kompyuta ya Malemu Akalaliki

Iyi si nkhani ya m'maluwa. Zinamuchitikira mlamu wanga, amene amakonza makompyuta pa ofesi ina, ndipo mayi wolandira alendo pamalopo anaona ndi maso awo.

Akalaliki aakulu atamwalira, kompyuta yawo inakhala miyezi itatu itafunditsidwa nsalu. Kenako abwana anati ipatsidwe kwa mayi amene analowa m'malo mwawo. Mlamu anafufuta zonse, osasiya ngakhale fayilo imodzi, n'kuikonza mwatsopano. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo.

Anakhala pambali pa mayi watsopanoyo n'kumawafotokozera. "Kompyuta ili ndi mayina achidule olozera komwe kuli mafoda ake. Mukalemba %HOMEPATH%, ndiye kuti mwaifunsa kuti kwathu n'kuti. Iyo imaona amene walowa, n'kumufikitsa ku foda yake. Tayesani, mayi."

Mayiyo analemba. Foda inatseguka. Pamwamba pake panali dzina la malemu.

Mlamu anaseka pang'ono, poganiza kuti waphonya penapake. Anatsegula pomwe pamasungidwa mayina achidulewo, n'kufufuta njira yopita ku foda ya malemu, n'kulembapo ya mayiyo. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso.

Dzina lija linali litabwerera.

Apa m'pamene anamva fungo la mankhwala opaka pachifuwa, aja ankanunkhira malemu masiku awo omaliza. Mawindo anali otseka. Fani ya m'kompyuta inaleka kulira, koma sikirini ili chiyakire.

"Achimwene," mayiyo ananong'ona, "muli fayilo m'menemo."

Inalimo imodzi. Inali italembedwa tsiku lomwelo, mphindi ziwiri zapitazo.

"Musatsegule," anatero mlamu.

Mlamu anazula waya wa netiweki. Anazulanso wamagetsi. Sikirini inada bii. M'chipindamo munati zii.

Kenako kiyibodi inalira. Ta. Ta. Ta. Pang'onopang'ono, ngati munthu wolemba ndi chala chimodzi, mmene ankalembera malemu. Mabatani ankalowa okha. Wolandira alendo uja anali ataima pakhomo, manja ali pakamwa.

Mayi watsopanoyo ankatsatira mabataniwo ndi maso.

"Ndi pasiwedi yanga," anatero. "Sindinauze munthu."

Anatola chikwama chawo n'kutuluka, ndipo sanapondenso pa ofesipo.

Kompyutayo inatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu, pashelefu yapansi, yopanda waya ngakhale mmodzi. Papita chaka tsopano. Sabata yatha mlamu analowamo kukatenga mapepala, ndipo dzanja lake linaikhudza mwangozi.

Inali yofunda.