Kampopi ka Petulo Kanali Kotseka

Lolemba m'mawa, 6:40, chaka cha 1974, Inspekitala Ferdinand Njobvu anafika ku Shimabala, pamsewu wa ku Lusaka. M'ngalande munali mtembo wa Lastone Mvula, makaniko wa kufakitale ya nsalu. Pambali pake panagona njinga yamoto yaikulu, yofiira, yampikisano.

"Ngozi iyi, bwana," anatero dalaivala wa polisi. "Njinga inamukulira."

Njobvu anagwada. Bala linali limodzi lokha, kunkhongo. Anapisa dzanja pansi pa thanki, napeza kampopi ka petulo kali kotseka.

"Munthu wogwa ali paliwiro satseka petulo," anatero. "Wina waigoneka pano."

Pa 9:15 anali ku Nangongwe, kwa Emelia, bwenzi la malemu.

"Ndani ankadana naye?"

"Alongo anga, ba Abel. Anati akadzanditenganso panjingayo adzamuthyola miyendo."

Abel sanavute. Kuyambira Loweruka anali kumtsinje ndi asodzi anzake asanu, ndipo onse anachitira umboni. Njobvu anabwerera kwa Emelia.

"Njingayi anasankha yekha?"

"Iyayi, anali ndi ba Morris, mnzake wa kuntchito. Anapitira limodzi ku Lusaka katatu. Ba Morris ankamuuza atenge yakuda yocheperako, ati yofiira si ya munthu wochoka pa kanjinga kamoto kakang'ono. Iye anatenga yofiira yomweyo."

"Nanga kanjinga kakaleko?"

"Anapatsa ba Morris."

Pa 4:30 madzulo Njobvu anaima pafupi ndi nyumba ya Morris Lungu ku Kafue Estates. Morris anafika pa kanjingako. Atangozimitsa, dzanja linatsika lokha pansi pa thanki, iye maso ali kwina. Potsika ankatsimphina.

M'chipinda chofunsira mafunso Njobvu sanataye nthawi.

"Ba Morris, mumatsekeranji petulo?"

"Kamadontha, bwana. Ukaiwala, m'mawa thanki yauma. Dzanja linazolowera."

"Nanga yofiira ija?"

"Ija? Ndi yatsopano, siidontha. Lastone sankadziwa n'komwe pamene pali kampopi kake."

"Koma ndakapeza kotseka. Kwezani buluku."

Morris anakweza pang'onopang'ono. Pakatumba panali bala latsopano lamoto, lofanana ndi paipi ya utsi.

"Inali yanga ija," anatero. "Chaka chonse ndinkaiyang'ana pagalasi la sitolo. Ndine ndinamuphunzitsa kusankha: kulemera kwake, mabuleki, kutalika kwa mpando. Iye ankangodziwa kuti ndi yofiira."

"Dzulo zinayenda bwanji?"

"Masana ananditenga kumbuyo kuti tikaiyese. Ku Shimabala tinaima. Ndinapempha ndiyendetseko mpaka pamlatho basi. Anaseka. Akuti, 'Iwe Morris, kwera kaja ndinakupatsa, ndiko saizi yako.' Anawerama kupukuta fumbi patayala. Sipanala inali m'thumba mwanga. Ndinamumenya nayo kunkhongo."

"Kenako?"

"Anagwera m'ngalande. Njinga ndinaikankhira momwemo, paipi ikadali yotentha. Ndinabwerera pabasi. Zotseka petulo sindikuzikumbuka n'komwe."

"Dzanja lanu likukumbuka," anatero Njobvu. Anamupatsa cholembera kuti asaine.

Pa 6:05 anatuluka panja. Kanjinga ka Morris kanali pakhoma la polisi, pamene wapolisi amene anakabweretsa anakasiya osatseka kampopi. Petulo ankadontha padothi. Njobvu anawerama, natseka.