Chithunzi cha Diresi Lobiriwira

Mzime atafika ku shopu kuchokera kusukulu, anapeza makina osokera ali chete. Zimenezi zinali zachilendo, chifukwa masiku onse ankayamba kuwamva akadali pa mphambano. Amayi ake anali atakhala pa mpando wawo, tepi ili m'khosi, manja ali pa maondo. Pa benchi la makasitomala panali Aphunzitsi, mayi amene anamuphunzitsa Mzime kugwira pensulo ali mu Sitandade 1. Maso awo anali ofiira.

"Mwaswera bwanji, Aphunzitsi?" anatero Mzime akutsitsa chikwama cha mabuku.

Iwo anangotembenuza foni yawo n'kumuonetsa chithunzi chimene iye anachidziwa pomwepo. Anachiika yekha dzulo lake pa tsamba la shopuyo la pa intaneti.

Tsambalo linali nzeru za Mzime. Iye anali mwana womaliza m'banja la ana anayi, n'chifukwa chake aliyense ankangomuitana choncho. Miyezi isanu m'mbuyomo ntchito inali itachepa kwambiri pa shopupo, moti masiku ena amayi ake ankangosoka zigamba ndi kusintha mazipi. Ndiye Mzime anapempha kuti azijambula zovala n'kumaziika pa intaneti.

"Makasitomala anga amabwera ndi miyendo, osati ndi zala," anatero amayi poyamba. "Munthu ndingamuyeze bwanji ali m'foni?"

Koma anamulola, ndipo zinthu zinayenda. Anthu a kutali anayamba kutumiza miyeso yawo pa foni. Ena ankafika pakhomo akuloza chithunzi, amvekere, "Ndikufuna ngati ili, koma manja akhale aatali." Amayi anasiya kumunyogodola, anayamba kumutchula kuti bwana wa malonda. Mzime naye anaphunzira zambiri. Anadziwa kuti kuwala kwa m'mawa kumaonetsa bwino mtundu wa nsalu, ndiponso kuti kasitomala akafunsa mtengo safuna kudikira mpaka mawa. Anazindikiranso kuti diresi likakhala pa hang'ala limapeza malayiki makumi awiri okha, koma likavalidwa ndi munthu limapeza mazana.

Loweruka lapitalo Aphunzitsi anabwera kudzayesa diresi lobiriwira. Linali lotakasuka, lopindidwapindidwa pansi pa chifuwa, ndipo amayi analisoka mosamala kuposa masiku onse. Atavala kuseri kwa katani, Aphunzitsi anatuluka n'kuima pa kalilole wamkulu. Anaika dzanja pa mimba yawo imene inali itangoyamba kuoneka, ndipo anamwetulira okha. Kuwala kochokera pakhomo kunagwera bwino pa nsaluyo. Amayi anali atawerama akufunafuna mapini m'kabati. Mzime anakweza foni mwakachetechete n'kujambula.

Anadziuza kuti palibe vuto. Anadula nkhope pa chithunzicho, n'kulemba pansi pake kuti, "Amayi oyembekezera, nanunso tchenani!" Lolemba m'mawa anaona kuti malayiki adutsa mazana atatu. Makomenti sanawawerenge chifukwa ankachedwa kusukulu. Anasiya foni m'kabati n'kuthamanga akuimba kanyimbo.

Tsopano nyimbo ija inali itamuthera.

"Koma nkhope ndinaidula, Aphunzitsi," anatero ndi mawu otsika. "Palibe angadziwe kuti ndinu."

"Nkhope unaidula, inde. Nanga mkonowu unaudula?"

Anatambasula mkono wawo wamanja. Pamwamba pa dzanja panali chipsera chachitali cha moto. Pa chithunzi paja chipseracho chinkaoneka bwinobwino, chili pamwamba pa mimba.

"Mkono uwu wakhala ukuloza pa bolodi zaka makumi awiri," anapitiriza Aphunzitsi. "Ndi mwana uti wa dera lino amene saudziwa? Tawerenga apa. Werenga mokweza, paja kuwerenga ndinakuphunzitsa ndine."

Mzime analandira foniyo. Komenti yoyamba inali ya mchemwali wa amuna awo a Aphunzitsi. "Dzanja ili ndi la alamu anga! Alamu, mpaka tizimvera kwa atelala? Ife ndiye mwatiyesa afiti?" Pansi pake panali ena ambiri, ena oyamikira, ena oseka, ena ofunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Mzime anawerenga mizere iwiri yokha, n'kubweza foniyo.

"Apongozi anga andiimbira m'mawa uno akulira, akuti ndawachititsa manyazi," anatero Aphunzitsi. "Nditalowa mu ofesi ya aphunzitsi, anzanga andiombera m'manja. Ngakhale ana a m'kalasi mwanga amangoyang'ana pamimba panga m'malo moyang'ana pa bolodi."

"Koma si nkhani yabwino kodi?" Mzime anafunsa asanaganize. Amayi ake anatseka maso.

Aphunzitsi anatembenukira kwa iye. Atayankhula, mawu awo sanali aukali, anali otopa.

"Mwana wanga, ndakhala pa banja zaka zisanu ndi zinayi. Kawiri konse ndinakhalapo chonchi. Kawiri konse ndinathamanga kuuza anthu, ndipo kawiri konse ndinabwerera kukawauza kuti zalephereka. Ukudziwa mmene zimawawira kukumana ndi munthu pa msewu, akumwetulira, n'kukufunsa kuti mwana akukula bwanji? Ulendo uno tinagwirizana ndi amuna anga kuti tikhala chete kufikira adokotala atatilimbitsa mtima. Munthu wachitatu wodziwa anali mayi akowa, chifukwa tepi siinama. Ndinabwera kuno podziwa kuti pakamwa pawo mpotseka."

Mzime anathamangira ku kabati, natulutsa foni ya shopu. Anabaya kangapo, ndipo chithunzicho chinachoka.

"Ndachifufuta! Taonani, palibenso!"

"Wafufuta chako," anatero Aphunzitsi. "Nanga chimene alamu atumiza ku gulu la achibale? Nanga chimene chili m'mafoni a anzanga a kuntchito? Ukafufutanso kumeneko?"

Mzime anagwada pansi, pakati pa tizidutswa ta nsalu. "Pepani, Aphunzitsi. Ndimangofuna kuti anthu aone diresilo. Ndikhululukireni."

"Dzuka, ungadetse yunifolomu. Sindikukusungira mangawa, ndiwe mwana. Koma ukanangondifunsa, Mzime. Ndinali pompano, ndipo pakamwa unali napo." Kenaka anatembenukira kwa amayi. "Achemwali, ndipatseni nsalu zanga zija."

Pa shelefu panali nsalu zitatu za Aphunzitsi zimene zinkadikira kudulidwa. Amayi anazitsitsa, nazikutumula fumbi, n'kuzipinda bwinobwino ngati mmene ankachitira ndi chovala chomaliza kusoka. Sananene kuti mwana ndiye walakwa. Sananenenso kuti iwo sankadziwa kanthu.

"Zachitikira m'shopu mwanga," anatero. "Mlandu ndi wanga."

"Ndi miyeso yanga yomwe," anawonjezera Aphunzitsi.

Apa amayi anazengereza. Anatsegula buku lawo lakuda la miyeso, limene chikuto chake chinali chitanyowa ndi mafuta a makina. Miyeso ya Aphunzitsi inali pa mapepala atatu, kuyambira diresi limene anavala tsiku loyamba ntchito, la ukwati wawo, mpaka lobiriwira lija. Amayi anang'amba mapepalawo pang'onopang'ono potsata ulusi wa bukulo, n'kuwapereka ndi manja awiri. Aphunzitsi anawaika m'chikwama, natsanzika mwaulemu, n'kutuluka.

Mzime ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma amayi anangokhala pa makina n'kuyamba kulowetsa ulusi pa singano. Anaphonya katatu konse, chonsecho masiku onse ankalowetsa osayang'ana n'komwe.

Foni inalira. Kenaka inaliranso.

"Ndani?" anafunsa amayi.

"Ndi anthu ofuna diresi lija," anayankha Mzime akupukuta misozi. "Afika khumi ndi mmodzi."

"Uwauze kuti limenelo sitisoka."

"Onsewo, amayi?"

"Onsewo, bwana wa malonda."

Dzinali linamulasa kuposa mbama. Anakhala pa benchi n'kuyankha anthuwo mmodzimmodzi. Atamaliza, anayamba kuyang'ana zithunzi zakale za pa tsambalo. Anapeza zina khumi ndi zinayi za anthu amene sanawafunse. Panali mayi wogulitsa mazira, panali atsikana awiri a kwaya, panalinso kamwana ka eni golosale kali mu suti yake yoyamba. Anazichotsa zonse tsiku lomwelo.

Sabata imeneyo, akaweruka kusukulu, ankayenda khomo ndi khomo kukapepesa ndi kupempha chilolezo. Mayi wa mazira anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bwezera msanga, iwe! Ndi chithunzi chokhacho chimene ndimaoneka ngati ndili ndi galimoto." Koma eni golosale anakwinya nkhope. Iwo sankadziwa n'komwe kuti mwana wawo ali pa intaneti, ndipo anamuuza kuti asadzayerekezenso. Mwa anthu khumi ndi anayi aja, asanu anakana. Mzime anadabwa kuti anali ambiri chotero.

Anawalemberanso Aphunzitsi kalata ya pamanja, n'kukaisiya ku ofesi ya sukulu yawo. Yankho linabwera la mzere umodzi: "Ndalandira, ulimbikire sukulu."

Tsamba lija linapitirira, ndipo makasitomala sanasiye kubwera. Koma Loweruka lililonse cha m'ma teni koloko, nthawi imene Aphunzitsi ankakonda kudzacheza atanyamula nsalu kapena opanda kanthu, amayi ankadzutsa mutu akamva mapazi pakhomo. Akaona kuti ndi munthu wina, ankamulandira bwino, n'kubwerera pa makina.

Nkhani yoti Aphunzitsi abereka mwana wamkazi anaimva kwa mayi wa mazira, patatha milungu itatu mwanayo atabadwa. Amayi anakweza manja kuthokoza Mulungu. Madzulo ake anasoka kadiresi koyera ka mabatani atatu kumsana, koma atakamaliza anakaika m'kabati. Sanadziwe ngati kangalandiridwe.

Tsiku lina masana Mzime akusesa pakhonde, anawaona Aphunzitsi akubwera tsidya lina la msewu, mwana ali m'manja. Anaponya tsache n'kuwoloka.

"Mwaswera bwanji, Aphunzitsi? Tinamva nkhani yabwino."

"Ndaswera, mwana wanga. Mayeso ayandikira, eti? Uwapatse moni mayi ako."

Anamwetulira, nakonza kansalu kophimba nkhope ya mwanayo, n'kupitirira. Pa shopu sanapatuke.

Mzime atabwerera, anapeza amayi ake ataima pa zenera, sizasi ili m'manja. Ankayang'ana diresi lachikasu limene Aphunzitsi anavala, losokedwa ndi telala wina.

"Mpendero wapendama kumanzere," anatero amayi motsitsa mawu. "Phewa lawo lamanja ndi lotsika pang'ono. Winayo sakudziwa."

Anayang'anabe mpaka Aphunzitsi anakhota pa mphambano. Kenaka anakhala pansi n'kuponda makina.