Magetsi Amachokera Pakhoma

M'nyumba ya telala wina munali dongosolo. Nsapato zinkandandalikidwa pakhomo, sizasi inali ndi msomali wakewake, ndipo banja silinkagona lisanapemphere. Telalayo anali ndi ana awiri, mnyamata ndi mlongo wake wamng'ono. Madzulo aliwonse ankachotsa nsalu patebulo lodulirapo kuti anawo ayalepo mabuku, iye n'kumapalasa makina ake pakona.

"Ine sukulu inandithawa, inu musaithawe," ankatero bambowo. "Manja amakalamba, ana inu. Koma chimene chalowa m'mutu sichigwidwa nyamakazi."

Mnyamatayo sanali wopusa. Wailesi ikafa ankaitokosatokosa mpaka iyankhule. Koma anali ndi nthenda ziwiri, ulesi ndi kunyada, ndipo ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi sizichedwa kubala tsoka.

Chaka chimenecho sukulu yawo inaika magalasi a sola padenga kuti ana aziwerenga madzulo. Amene anavutikira zimenezi anali mphunzitsi wa sayansi, munthu wamtali wosaseka wamba. Tsiku lina masana mphunzitsiyu anaona mnyamata uja atatsamira desiki, tulo tili gwa.

"Iwe wa kumbuyo, dzuka! Tatiuza, magetsi amachokera kuti?"

Mnyamata anaimirira, dovu lili pachibwano. Anamwazamwaza maso mpaka anagwera pa swichi ya pakhoma.

"Pakhoma, aphunzitsi."

Kalasi lonse linafa nalo phwete. Ena anamenya madesiki, ena anapukuta misozi.

"Ndiye kuti mkaka umachokera m'botolo," anatero mphunzitsi. "Khalani pansi, a Pakhoma. Mawa mubwere muli maso. Tidzatuluka panja, ndikakuonetseni kumene magetsi a sukulu ino amabadwira."

Dzina linamata pomwepo ngati phula. Poweruka, ngakhale tiana ta m'makalasi oyamba tinkamuthamangira pambuyo: "Pakhoma! Pakhoma!"

Anafika kunyumba nkhope ili ndwii, n'kuponya chikwama pansi.

"Kusukulu kuja sindibwererako."

Bambo ake anaimitsa makina. "Anakumenya?"

"Ayi."

"Anakunamizira?"

"Ayi. Anandichititsa manyazi."

"Unali kugona kapena sunali kugona?"

Mnyamata anayang'ana kumbali.

"Ndiye wakutsina khutu ndi mnansi. Mawa upite, ukamve yankho lenileni."

"Dzina silitupitsa thupi, mwanangu," anawonjeza mayi ake. "Aseka sabata imodzi, aiwala."

"Iwo aiwala, ine sindidzaiwala," anayankha mnyamata. "Munthu uja adzalira ndi dzina lomweli."

Mawa lake anavala yunifolomu bwinobwino, koma atafika pamphambano anakhotera kumpanda wa wogula zitsulo zakale, munthu wonenepa amene aliyense ankamutcha Asikelo. Pamene anzake anali pabwalo la sukulu, makosi ali chagada kuyang'ana padenga, iye anali atakhala pa tayala kumvetsera uphungu wina.

"Mphwanga, sikelo yangayi sifunsa satifiketi," anatero Asikelo akusisita mimba. "Imafunsa kulemera basi. Aphunzitsi akowo ali ndi chiyani? Choko m'tsitsi ndi nsapato zakutha. Iwe uli ndi manja. Bweretsa chitsulo, udye lero."

Anayamba ndi kutola zitini ndi misomali. Kenaka mipopi ya anthu inayamba kusowa m'mipanda. Kenaka mawaya a m'nyumba zosatha kumangidwa, chifukwa mkuwa ndiwo unkasekeretsa Asikelo. Zimene ankapeza zinkathera m'botolo. Mphunzitsi uja anabwera yekha kunyumba kudzamufunafuna, koma mnyamata atangomva mawu ake anatulukira pawindo.

Tsiku lina simbi yositira ya bambo ake inasowa. Telala anaipeza pamulu wa Asikelo itaphwasulidwa kale.

"Wayamba kudya nyumba yako yomwe," anatero bambowo. "Sankha lero: buku ndi nyumba ino, kapena mulu wa dzimbiri uja."

"Buku silidyedwa, bambo. Ine ndili ndi manja."

Anatuluka osatseka chitseko.

Zaka zinapita. Mlongo wake anapirira kutchedwa "mlongo wa Pakhoma," anakhoza mayeso, ndipo anapita kukoleji ya ntchito zamanja kukaphunzira zamagetsi. Pakhoma naye anayesapo kufuna ntchito yolongosoka. Anapita kwa kapitawo wa anthu oika magetsi m'nyumba zatsopano n'kudzitama kuti waya aliyense amamudziwa. Kapitawoyo anamutambasulira pulani ya nyumba.

"Tandionetsa, moto ukulowera pati apa, nanga ukutulukira pati?"

Pakhoma anayang'ana mizere ija ngati mapazi a nkhuku.

"Achimwene, kuzula waya ndi kuika waya n'zosiyana," anatero kapitawo akupinda pepala. "Ine sindilemba munthu woti akandiotchere nyumba za eni."

Munthu wanzeru akanadziloza yekha chala. Pakhoma analoza mphunzitsi. Madzulo akamadutsa pasukulu ankaona mawindo ali ngwee, mitu ya ana itaweramira mabuku, chithunzithunzi chachitali chikuyendayenda pakati pawo. Kuwala kumeneko kunkamulasa ngati minga. Ankalavula malovu n'kunena chamumtima: "Seka lero. Ndidzakuzimitsira."

Mayeso atayandikira, Asikelo anathira mafuta pamoto.

"A Pakhoma, padenga la sukulu yanu ija pali mawaya onenepa ngati chala changachi. Mkuwa weniweni. Kapena mukuopabe aphunzitsi?"

"Za mkuwa zikhale zanu," anayankha mano ali gwa. "Ine ndikufuna ana ake alembe mayeso atagona mumdima. Alephere onse, aone mmene manyazi amawawira."

Anasankha Lamulungu masana, nthawi imene mlonda amakhala ku tchalitchi. M'mawa wa tsikulo anakumana ndi mayi ake pamsewu, Baibulo lili m'manja. Anali atakalamba kwambiri.

"Mwanangu, wawonda. Tiye kwathu. Bambo ako maso ayamba kuwavuta, ndipo sukulu ya akuluakulu ikulemba anthu."

"Ndibwera, mayi. Pali kantchito kena koti ndimalize."

Dzuwa lili paliwombo analumpha mpanda wa sukulu, n'kuswa windo la kalasi lake lakale. Fungo la choko linali lomwe lija. Desiki la kumbuyo linali pomwe paja. Anatola choko n'kulemba pabolodi zilembo zikuluzikulu: PAKHOMA ANAFIKA. Kenaka anapita pa swichi ija n'kuizimitsa. Anatsata khonde mpaka anapeza bokosi lamagetsi pakhoma la ofesi, n'kugwetsa maswichi onse a m'menemo.

"Ndakupha," anauza magetsiwo akuseka. "Tsopano ndikakusende khungu."

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Anakwera padenga atavula nsapato kuti asaterereke. Malata ankaotcha, thukuta lili kamukamu m'manja. Magalasi a sola anali ndandanda, akumwa dzuwa la masana. Mwana aliyense wa pasukulupo akanamuuza kuti magalasi amenewo sadziwa za swichi ya pakhoma. Kuti dzuwa likamawala, moto umakhala uli m'mawaya awo, ndipo umakula koposa nthawi ngati imeneyo. Limeneli ndilo phunziro limene analithawa. Iye anakula, anamera ndevu, koma m'mutu mwake magetsi ankachokerabe pakhoma.

Anagwira mawaya awiri onenepa pamodzi, n'kuwapana ndi pulayazi kuti awadule.

Kunang'anima moto woyera ngati mphezi. Chitsulo chinasungunukira m'dzanja lake. Anafuna kutaya, zala zinakana. Kenaka denga linamulavula, ndipo anakagwa pa simenti ya khonde ngati thumba.

Anatsitsimukira m'chipatala, wapolisi atakhala pampando wa pakhomo. Dzanja lamanja linali litadulidwa pamkono. Zala za lamanzere zinali zitapindika ngati mizu youma. Asikelo atafunsidwa analumbira kuti munthu wotero sanamuonepo chibadwire.

Patapita masiku analowa mlongo wake, atavala ovolosi ya ntchito. Pambuyo pake panali munthu wamtali, tsitsi litayera tsopano ndi imvi, osati choko. Pakhoma anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Yang'anani kuno, achimwene," anatero mlongoyo. "Khoma lakuphunzitsani zokwanira."

"Ana aja..." anatero Pakhoma ndi mawu osasa. "Analemba mumdima?"

"Mdima wake uti? A kusukulu anandiitana Lolemba m'mawa. Ndinalumikiza mawaya anu aja dzuwa lisanapendeke, ndipo madzulo omwewo ana anawerenga. Mwalipira manja awiri, osagula ngakhale usiku umodzi. Inenso ankandiseka ndi dzina lanulo, kodi mukudziwa? Ndinkalira, koma ndinkalirira pa desiki."

Pakhoma anachotsa nkhope kukhoma pang'onopang'ono. Pomaliza anayang'ana mphunzitsi.

"Koma ndinazimitsa, aphunzitsi. Ndinazimitsa maswichi onse. Nanga moto uja unachokera kuti?"

Mphunzitsi sanaseke, ndipo sanakweze mawu.

"Funso limenelo ndinaliyankha mawa lake la tsiku lija. Ndinaitana dzina lako lenileni kawiri. Desiki lako linali lopanda munthu." Anasendera pafupi ndi bedi. "Nthabwala yanga inakupweteka, ndipo ndinabwera kwanu kuti tikambirane. Unathawira pawindo. Zimene unalemba pabolodi ndaziona. Zilembo zako zinali zokongola. Ndinachedwa kuzifufuta, podziwa kuti dzanja limene linazilemba kulibenso."

Apo ndi pamene Pakhoma analira, kulira kwa munthu wamkulu kosowa chopukutira misozi.

Bwalo la milandu silinamumvere chisoni chifukwa cha zilonda zake. Atatuluka kundende, telala wokalamba uja anamutsegulira chitseko chimene anachisiya chosatseka. Lero mukadutsa pakhonde pawo mudzawaona awiriwo pa makina amodzi: mwana akupalasa ndi mapazi, bambo akuwongolera nsalu ndi manja onjenjemera, nkhope ili pafupi ndi singano. Wina ali ndi manja otha, wina alibiretu oti n'kugwirira ntchito. Chakudya cha nyumba imeneyo chimachokera kwa mtsikana amene anapirira kusekedwa.

Tsono imvani, inu amene mudakali pa desiki. Sukulu si ya mphunzitsi, ndi yanu. Iye anakhoza kale. Mukaithawa kuti mumukhaulitse, mukudzibaya nokha n'kumayembekeza kuti wina atuluke magazi. Manyazi a m'kalasi amatha belu likalira, koma umbuli umadikira munthu zaka ndi zaka, ndipo tsiku limene udzakufunseni funso lake sudzakupatsani mawa loti mudzamve yankho. Mukalakwitsa ndipo anzanu aseka, pukutani nkhope, mawa mubwere muli maso.