Chibakera Chomaliza cha Enoch Pardoe

Kunyumba kwa a Silas Pardoe nyundo inkayamba kulira mbalame zisanadzuke. Anali osula misomali m'mudzi wina kufupi ndi Dudley, ndipo chipala chawo chinali kuseri kwa nyumba, moyang'anana ndi khola la nkhumba. Akazi awo, a Tabitha, ankapopa mvukuto, mwana wawo mmodzi yekhayo, Enoch, n'kumadula zitsulo. Sanali olemera, koma buledi ndi tchizi sizinkasowa pathebulo. Lamulungu lililonse atatuwo ankakhala pabenchi imodzi m'tchalitchi, a Silas akuimba mokweza kuposa aliyense ngakhale mawu awo anali osasa.

Enoch anakula ndi mapewa otambalala komanso mtima wapachala. Tsiku lina kumsika woyendetsa ngolo anamuwaza matope n'kumuseka, ndipo Enoch anamugwetsa ndi chibakera chimodzi. Zonsezi zinachitika Jabez Crump akuona, ataima pakhomo la nyumba yake yogulitsiramo mowa. Jabez ndiye ankakonza nkhonya zobetcherana m'dera lonselo.

"Mphwanga, manja ngati amenewo ukuwathera pamisomali?" anatero akumupatsa chikho cha mowa. "Bambo ako asula mpaka msana kupindika, koma ndani amawavulira chipewa? Bwera kwa ine, dzina lako likamveke mpaka ku London."

A Silas atamva, anaika nyundo pansi. Anakumbutsa Enoch kuti boma limaletsa nkhonya zoterozo, n'chifukwa chake zimachitikira kutchire ngati zakuba.

"Ndinakaonerako ndili mnyamata, sindinabwererekonso," anatero. "Okuombera m'manjawo sakonda iwe, mwananga, akonda magazi ako. Ukagwa adzaombera wina."

A Tabitha sananene zambiri. Anangoti, "Mnzako ukam'menyeyo nayenso ali ndi amake."

Enoch anayankha kuti watopa ndi kununkha utsi, ndipo mawa lake anatola zovala zake n'kusamukira m'kachipinda ka pamwamba pa nyumba yamowa ija.

Jabez anamuphunzitsa malamulo, amene sanali ambiri. Amamenyana ndi zibakera zosavala kanthu. Pakati pa bwalo amalemba mzere. Wina akagwa, onse awiri amapuma theka la mphindi atakhala pamaondo a owasamalira, kenako aliyense ayenera kukaimanso pamzerewo. Wolephera kufikapo ndiye wagonja. Nthawi yothera palibe. Bola munthu akuimirira, nkhonya zimapitirira.

Enoch ankaviika manja m'madzi amchere kuti khungu lilimbe. Anapambana koyamba, anapambananso, ndipo mowa unayamba kumupeza wokha. Amuna osawadziwa ankamusisita pamsana n'kumutcha mkango. Koma phokoso likatha ankakwera yekha m'kachipinda kake, n'kumadya nyama yozizira ndi mbali imodzi ya kamwa chifukwa mbali inayo inali itatupa. Mwa onse omutamandawo panalibe amene anamufunsapo ngati wagona bwino. Mabelu a Lamulungu akamalira ankadzifunditsa bulangete kumutu.

Tsiku lina a Tabitha anabwera ndi buledi atamukulunga m'nsalu. Enoch anali ataledzera dzuwa lili paliwombo, diso lili bii. Anatuma wantchito kuti akanene kuti kulibe. Ali pazenera anawaona akuima kanthawi pamsewu, kenako akubwerera pang'onopang'ono, mtolo uja uli m'khwapa.

Chakumapeto kwa chaka Jabez anamupezera mdani wolimba, Reuben Tull, wokumba malasha amene anali ndi ana ang'onoang'ono. Anakhoma zichiri za bwalo la nkhonya m'dambo lakutali, kumalire a maboma awiri, kuti apolisi akatulukira anthu athawire tsidya lina. Khamu linafika ndi ngolo, pamahatchi ndi wapansi.

Anayamba m'mawa mvula ikuwaza. Reuben anali wamfupi koma wosagonja ngati chitsa. Ankagwa n'kudzuka, Enoch nayenso ankagwa n'kudzuka. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, iwo akadali pamzere. Udzu unasanduka matope ofiira. Maso a Reuben anatupa mpaka kutsekeka, omusamalira n'kumawatema ndi kampeni kuti aone pang'ono. Ogulitsa chakudya anagulitsa zonse, ena mwa oonera anakadya n'kubwerako, nkhonya zisanathe.

Chakumadzulo awiriwo anakolekerana m'khosi, aliyense atatsamira mnzake kuti asagwe. Pamenepo Reuben ananong'ona.

"Achimwene, ine sindikuonanso. Ndawauza anzangawa kuti andisiye, akana, ati anabetcha zambiri. Akandiimikanso pamzerepo mungondikankha. Ndigwa, sindidzukanso. Ndikufuna ndikafike kunyumba."

Anaterereka n'kugwera limodzi m'matope. Atamukhazika pabondo, Enoch anauza Jabez zimene wamva.

"Akukupusitsa ameneyo," anatero Jabez akumuthira mowa waukali m'kamwa. "Ukamukankha ngati mwana, anthu onsewa anena kuti munapangana. Ukufuna ubwerere kumisomali akukuseka? Mumalize aone."

Wosunga nthawi anaitana kuti nthawi yakwana. Anzake a Reuben anachita kumunyamula m'khwapa n'kumuimika pamzere. Manja ake anali lende m'mbali, nkhope atalozetsa kolakwika, akudikira kukankhidwa. Enoch anaziona zonsezo bwinobwino. Anamvanso khamu likuitana dzina lake. Anakunga chibakera n'kumumenya pansi pa khutu ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira.

Reuben anagwa chafufumimba. Anthu anakuwa, zipewa zinaponyedwa m'mwamba. Theka la mphindi linatha, mphindi inatha, munthu osagwedezeka. Wina anagwada, anaika khutu pachifuwa, anadzuka n'kuyamba kuthamanga.

Dambo linayera mofulumira. Anazula zichiri, anakulunga zingwe, ngolo zinaguluka. Enoch anafunafuna Jabez, n'kungoona msana wa chikhoti chake ali pahatchi patali. Ngakhale anzake a Reuben anathawa. Anatsala awiri okha, wamoyo ndi wakufa, mvula ikuwagwa. Enoch anavula nsalu ya m'chiuno mwake, anaphimba nkhope ya Reuben, nakhala pansi pambali pake. Apolisi anamupeza pomwepo.

Kukhoti Jabez sanaoneke, ndipo palibe mwa oonera aja amene anavomera kuti analipo. Pamene ankamutulutsa Enoch atamugamula kuti akakhale kundende, mayi wina wovala zakuda, mwana ali m'manja, anamutsekera njira. Anali Keziah, mkazi wa Reuben. Sanamutukwane.

"Inu ndinu munali naye pafupi," anatero. "Ananenapo kanthu?"

Enoch anawerama, napitirira.

Kundende funso limenelo ndilo linali mnzake. A Silas anamwalira iye ali momwemo, ndipo anamva patapita miyezi kuchokera kwa mbusa woyendera akaidi. Atatuluka, imvi zitayamba, sanalowere kwawo poyamba. Anafunsira njira mpaka anapeza kanyumba ka Keziah kumigodi. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, namuuza zonse: zimene Reuben anapempha, manja ake ali lende, ndi zimene iye anasankha kuchita akudziwa.

Keziah anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pachitseko.

"Ndiye kuti ankafuna kubwera kunyumba," anatero motsitsa. "Zikomo pondiuza. Za kukhululuka kapempheni kwa Mulungu, bambo. Ine sindinafikepo."

Anatseka chitseko mosamenyetsa.

Enoch anakhala ndi amayi ake zaka zochepa zimene zinawatsalira, akusenza matumba a malasha padoko la ngalande. Mowa anausiya. Anthu ankamupatsa moni mwaulemu koma patali, ndipo sanakwatire. Anapempha chikhululukiro kwa Mulungu, ndipo tikhulupirira kuti anachilandira, koma ana a Reuben anakula opanda bambo.

Wachinyamata iwe, samala ndi anthu okutamanda pamene ukuchita choipa. Tchimo limakuitana pagulu, koma polipira umakhala wekha. Ndipo wofooka akakupempha chifundo, mvera iyeyo osati khamu, pakuti kulapa kumatsuka mtima koma sikudzutsa amene wamupha.