Mayina Awiri a Tu Kim-chui

"Aphunzitsi, bukuli analakwitsa," anatero Pei-ling, chala chili pa chithunzi chakale cha mu laibulale ya pasukulu. "Nkhope iyi ndi ya agogo awo a bambo anga, koma pansipa alemba kuti Moriyama. Limeneli si dzina la Chijapani?"

Mayi Kuo anayang'ana chithunzicho kwa kanthawi. "Sanalakwitse. Ukafunse kwanu."

Pei-ling anali atasankhidwa kukalankhula pa mwambo wokumbukira amene anamanga sukuluyo, Tu Kim-chui, agogo a bambo ake omwewo. M'tauni yawo ya ku Taiwan aliyense ankadziwa mbiri yake. Anayamba ndi kusenza madengu a tiyi nthawi ya ulamuliro wa Ajapani, kenaka anatsegula fakitale yakeyake, nalowa m'khonsolo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anasankhidwa kukhala meya, ndipo mlatho wa pamsika unkatchedwa dzina lake. Koma za Moriyama, Pei-ling anali asanamvepo.

Pa chakudya anafunsa bambo ake.

"Masiku amenewo ambiri ankasintha mayina," anayankha osadzutsa mutu. "Idya, mpungawo ukuzizira. Iwe ukanene za sukulu ndi mlatho basi."

Akutsuka mbale, mayi ake anamunong'oneza kuti, "Pita kwa a Ong, ogulitsa madzi a nzimbe pamlatho paja. Usanene kuti ndakutuma ndine."

A Ong anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi. Ntchito yofinya nzimbe anali atasiyira mpongozi wawo, iwo nkumangokhala pampando kutsutsana ndi makasitomala.

"Ndiwe wa kwa a Tu iwe," anatero asanapatsidwe n'komwe moni. "Mphunoyo sibisika. Wadzagula kapena wadzafunsa?"

"Zonse ziwiri, agogo. Kodi Moriyama anali ndani?"

Nkhalambayo inaseka pang'ono, kenaka inamuuza kuti akhale pa kreti.

"Ndi Tu yemweyo, munthu wochenjera zedi. Ajapani ankagula tiyi wake, ndiye anatenga dzina la Chijapani, iwo nkumupatsa mpando m'khonsolo. Nkhondo itavuta ankayenda m'masukulu atavala magolovesi oyera, kuuza anyamata kuti kukamenyera mfumu ya Ajapani ndi ulemu waukulu. Pakamwa anali napo, mwana iwe. Mkulu wanga atamumva analembetsa tsiku lomwelo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sanabwerere. M'malo mwa mtembo tinalandira kabokosi, m'kati muli pepala lokha."

Pei-ling anagwira kapu yake osamwa.

"Nanga nkhondo itatha anthu anamuvoteranji?"

"Theka la tauni linkadya za ku fakitale kwake. Komanso ntchito ankaigwira, bodza n'loipa. Mlatho usanamangidwe, mtsinje uwu unkatenga anthu chaka chilichonse. Chaka chatsopano chikafika ankatumiza tiyi wabwino kwambiri kwa mayi anga, opanda mawu alionse. Mayi ankamukhuthulira m'ngalande."

"Ndiye anali munthu wabwino kapena woipa?"

"Ukufuna ndikulembere homuweki yako?" anatero a Ong. "Ine ndimawoloka mlatho wake m'mawa uliwonse. Masiku ena ndimathokoza, masiku ena ndimalavula."

Pei-ling ananyamuka, koma atayenda pang'ono anabwerera.

"Agogo, akulu anuwo dzina lawo anali ndani?"

Nkhalambayo inamuyang'anitsitsa. "Thian-su. Papita zaka zambiri munthu asanandifunse zimenezo."

Tsiku la mwambo holo inadzaza. Bambo ake anakhala kutsogolo pamodzi ndi alendo olemekezeka. Pei-ling anafotokoza za madengu a tiyi, za fakitale, za sukulu ndi za mlatho. Kenaka anafika pa tsamba lomaliza. Anatchula dzina la Moriyama ndi zimene ankanena m'masukulu, namaliza ndi dzina la Ong Thian-su ndi zaka zake. Anthu anawomba m'manja mwa apo ndi apo. Bambo ake sanawombe.

Anabwerera kunyumba pa galimoto ya bambo ake. Pei-ling ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo atadutsa msika anati, "Bambo, ngati ndakuchititsani manyazi..."

"Wandichititsa," anayankha. Anayendetsa kwa kanthawi, kenaka anaimika galimoto pambali pa msewu. "Sanali mmodzi. Anyamata amene anapita osabwerera anali khumi ndi anayi. Agogo anga anawalemba onse papepala, ndipo ali pafupi kumwalira analipereka kwa bambo anga, iwo nkudzandipatsa ine. Lili m'kabati, pansi pa mabulangete. Palibe mwa ife anadziwa chochita nalo."

"Abale awo alipo?"

"Ena alipo. Awiri ndimakumana nawo pamsika, ndimangowapatsa moni." Bambo ake anapukuta magalasi ndi malaya, nalizanso galimoto. "Loweruka usapite kwa anzako, tikayendere mabanjawo ndi pepalalo. Ine sinditha kuyamba nkhani zoterezi, ndiye pakhomo ukagogoda ndiwe."